Mboni za chimoto: mbiri ya bungwe la American Meteor Society

Munthu amene waona chimoto chikung'amba thambo usiku amalumbira kuti chagwera pafupi. Uyu amati chalowa kuseri kwa phiri, uyo amati chagwera m'munda wa mnansi wake, ndipo onse awiri amakhala akunena ndi mtima woona ngakhale kuti pakati pawo pali makilomita 300. Chimene aonacho chimayamba kuwala chili pamwamba kwambiri, makilomita 80 kapena kuposa, ndipo chinthu chowala pamtunda woterowo chingaoneke ngakhale kwa munthu amene ali makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera pansi pake. Diso limadziwa mbali imene chinthu chili, koma mumdima silitha kuyeza kutalika kwake. Umboni wa munthu mmodzi pa nkhani imeneyi ndi wopepuka kwambiri. Komabe bungwe la American Meteor Society, limene ambiri amangolitchula kuti AMS, lakhala zaka zoposa 100 likudya za umboni umenewu, ndipo mbiri yake yonse ndi ya kuphunzira kufinya zoona kuchokera kwa mboni zambiri zimene iliyonse payokha imalakwitsa.

Nzeru yake ndi yakale kuposa bungwelo. M'chaka cha 1798 ophunzira awiri a pa yunivesite ya Göttingen ku Germany, Heinrich Brandes ndi Johann Benzenberg, anapangana kuti aziima malo awiri osiyana usiku womwewo, aliyense ndi wotchi yake ndi mapu a nyenyezi. Nyenyezi yothothoka ikadutsa, aliyense ankalemba nthawi ndi pakati pa nyenyezi ziti pamene yadutsa. Poyamba anaima moyandikana kwambiri moti sizinathandize, kenako anatalikirana. Pa nyenyezi zothothoka mazana angapo zimene analemba, 22 zinapezeka kuti onse awiri anaziona nthawi imodzi. Zimenezi zinali zokwanira. Anthu awiri a m'midzi yosiyana akaloza utsi umodzi, pamene mizere ya zala zawo yakumana ndi pamene pali moto. Mwa njira yomweyo anyamatawa anapeza kuti zinthuzi zimayaka pamtunda wa makilomita makumimakumi, kutali kwambiri ndi mitambo ndi mphezi zimene anthu ambiri ophunzira a nthawiyo ankaziphatikiza nazo.

Ku America nkhaniyi inadzuka ndi mantha. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Novembala 1833, nyenyezi zinathothoka mosawerengeka moti anthu ambiri anagwada n'kuyamba kupemphera poganiza kuti dziko latha. Mphunzitsi wina wa pa Yale, Denison Olmsted, analemba m'nyuzipepala kupempha aliyense amene anaona kuti amulembere, ndipo makalata anabwera kuchokera kutali. Atawasanthula anaona kuti mboni za m'madera osiyanasiyana zikugwirizana pa chinthu chimodzi: nyenyezizo zinkaoneka ngati zikutumphuka pa gwero limodzi m'gulu la nyenyezi la Leo, ndipo gwerolo linkayenda limodzi ndi nyenyezi zina zonse usiku ukamapita. Ndiye kuti zinkachokera kunja kwa dziko lapansi. Patapita zaka 33 mvula ya nyenyeziyo inabweranso monga mmene Hubert Newton ananeneratu, ndipo m'zaka zomwezo Giovanni Schiaparelli wa ku Italy anasonyeza kuti mvula zoterezi ndi fumbi ndi timiyala tosiyidwa m'njira ndi nyenyezi za mchira.

Charles Pollard Olivier anabadwa mu 1884 n'kukulira ku Charlottesville m'chigawo cha Virginia, pafupi ndi malo oonera zakuthambo a Leander McCormick. Ali ndi zaka 14 anaona mvula ya ku Leo ya 1898, ndipo anakodwa mpaka imfa. Chaka chotsatira ndicho dziko lonse linkadikira. Manyuzipepala analonjeza kuti za 1833 zibwerera, anthu anachezera panja m'chisanu cha Novembala, koma kunagwa zochepa chabe, chifukwa mphamvu ya Jupiter inali itakhotetsa fumbilo kulichotsa m'njira ya dziko lathu. Anthu anaseka akatswiri a zakuthambo, ndipo akatswiri ambiri anazitaya nyenyezi zothothoka ngati ntchito yosapindulitsa. Mnyamatayo sanazitaye. Pofika 1911 anali atalemba nyenyezi zothothoka zoposa 6,200 ndi maso ake okha, n'kuwerengera njira 175 zozungulira dzuwa, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inamupatsa digiri ya udokotala pa yunivesite ya Virginia.

Chaka chomwecho anayambitsa bungwe. Panalibe ofesi, panalibe ndalama, panalibe mwambo wotsegulira. Analemba makalata kwa anthu amene ankawadziwa kuti amakonda kuyang'ana kumwamba, ndipo oyamba kulowa anali 15. Chifukwa chake chinali chosavuta kumva. Telesikopu imaona kachigawo kakang'ono ka thambo, pamene nyenyezi yothothoka imadutsa paliponse kwa nthawi yosakwana sekondi imodzi. Chida chabwino koposa pa ntchitoyi chinali diso la munthu wogona chagada panja, ndipo maso oterowo ankafunika ambiri, omwazikana m'dziko lalikulu kuti kwina kukachita mitambo kwina kukhale koyera. M'chaka chomwecho cha 1911 kunabadwanso bungwe la AAVSO la anthu oyang'anira nyenyezi zosinthasintha kuwala. Inali nyengo imene akatswiri ochepa anazindikira kuti alimi, aphunzitsi, makalaliki ndi ana a sukulu angawagwirire ntchito imene iwo okha sakanaikwanitsa.

Ntchito ya membala inali yotopetsa. Ankalandira mapu a nyenyezi ojambulidwa mwapadera kuti njira ya nyenyezi yothothoka izioneka ngati mzere wowongoka papepala. Usiku wopanda mwezi ankatuluka ndi bulangete, pensulo, rula, wotchi ndi tochi yophimbidwa kuti isathobwe m'maso. Nyenyezi ikadutsa sankathamangira kulemba. Ankayamba wakweza rula kapena chingwe kumwamba, kuchigoneka pamene yadutsa, n'kuloweza kuti yayambira pafupi ndi nyenyezi iti ndipo yathera pati. Kenako ankajambula mzere pamapu, n'kulemba pambali nthawi, kuwala kwake poyerekeza ndi nyenyezi zodziwika, mtundu wake, ndiponso ngati yasiya kamzere ka utsi wowala. Pamene akuwerama kulemba, zina zinkadutsa osaziona, ndipo nthawi yotayikayo inkayeneranso kuwerengedwa. Maola abwino ndi a pakati pa usiku mpaka mbandakucha, pamene mbali yathu ya dziko yatembenukira kumene dziko likulowera, choncho mamembala okhulupirika anali anthu osagona mokwanira. Panalinso lamulo limene atsopano ankalinyoza: anthu akakhala pagulu, aliyense awerenge zake. Chiwerengero cha gulu lonse chilibe ntchito, chifukwa sichingayerekezedwe ndi cha munthu amene anali yekha kwina.

Mapepala onsewa ankathera pa tebulo la Olivier, ndipo iye sankanyengerera. Ukali wake unaonekera bwino pa mkangano wake ndi William Denning wa ku Bristol ku England, munthu wosaphunzira zakuthambo ku yunivesite koma amene dziko lonse linkamulemekeza ngati woona nyenyezi zothothoka woposa onse. Denning ankakhulupirira kuti pali magwero ena amene amakhala pamalo amodzi kumwamba kwa miyezi yambiri osasuntha. Olivier ankati sizingatheke, popeza dziko likamazungulira dzuwa gwero liyenera kusuntha pang'ono usiku uliwonse. Anasonyeza kusunthako pa mvula ya mu Okutobala yochokera ku Orion, imene Denning ankaitenga ngati chitsanzo chake champhamvu. Analozanso pamene panali msampha: munthu akaphatikiza mizere ya masiku ambiri pamapu amodzi, mizere ina imakumana mwangozi, ndipo iye amaona gwero pamene palibe. N'chifukwa chake ankaumirira kuti gwero lizitengedwa pa mizere ya usiku umodzi, ya maola ochepa. Olivier ndiye anali wolondola. Zinamuwawa Denning, amene anali wokalamba ndipo anali atapereka moyo wake wonse ku ntchitoyi, koma phunziro linakhazikika m'bungwemo kuti ngakhale diso lozolowera kwambiri limafunika lamulo lolimanga.

Zipatso zinayamba kuoneka msanga. Nkhani yoyamba yochokera pa zimene mamembala anaona inatuluka mu 1912, yonena za mvula ya mu Meyi yochokera ku Aquarius, imene ndi fumbi la nyenyezi ya mchira ya Halley. Mu 1925 Olivier anatulutsa buku lotchedwa Meteors, limene linakhala poyambira pa aliyense wofuna kuphunzira nkhaniyi kwa zaka zambiri. Kuyambira 1926 ankalemba za bungweli pafupifupi mwezi uliwonse m'magazini ya Popular Astronomy, ndipo ankasindikiza mayina a mamembala pamodzi ndi chiwerengero cha zimene aliyense waona. Malipiro awo anali omwewo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anasamukira ku yunivesite ya Pennsylvania kukatsogolera malo oonera zakuthambo a Flower, ndipo bungwe linasamuka naye, popeza bungwelo linali iyeyo ndi makabati ake.

Zimoto zikuluzikulu zinali nkhani ina. Bungweli limati chimoto ndi nyenyezi yothothoka yowala kuposa Nthanda, ndipo zina zimawala kuposa mwezi wathunthu mpaka kuchititsa zithunzithunzi pansi. Palibe amene angapangane tsiku lokachiona. Munthu angachezere panja zaka zambiri ndi mapu ake osakumana ndi chachikulu, pamene woyendetsa lole amene sanaganizepo za thambo wachiona bwinobwino kudzera pagalasi. Choncho pa zimoto mboni sizinali mamembala ophunzitsidwa aja. Anali anthu wamba, ndipo ankafunika kuwasaka. Clarence Chant wa ku Toronto anasonyeza mmene zimachitikira pamene mdipiti wa zimoto unadutsa pang'onopang'ono usiku wa pa 9 Febuluwale 1913. Anasonkhanitsa maumboni oposa 100, ndipo pamapeto pake njira yake inapezeka kuti inayambira kumadzulo kwa Canada n'kudutsa mpaka ku Bermuda ndi kupitirira panyanja. Olivier nayenso ankapempha kudzera m'manyuzipepala, ankalandira malipoti a oyendetsa sitima zapamadzi, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930 anaika atsogoleri a zigawo kuti chimoto chikadutsa pakhale munthu wapafupi wolemba makalata ndi kufunsa mboni zisanaiwale.

Kufunsa mboni ndi luso. Ukafunsa munthu kuti chinali kutali bwanji, yankho lake ulitaye. Ukamufunsa kukula kwake adzakuuza kuti chinali ngati nyumba kapena ngati mbale, zimene sizikuuza kanthu. Chofunika ndi kumuimika pamalo enieni pamene anali, n'kumuuza kuti aloze pamene chinayambira ndi pamene chinazimira, makamaka ngati chinadutsa pamwamba pa mtengo kapena denga limene likadalipo. Kampasi imapereka mbali. Kukwera kwake kuchokera pansi kumayezedwa ndi nkhonya: ukatambasula mkono, nkhonya imodzi imaphimba madigiri pafupifupi 10. Pafupifupi aliyense amakweza kwambiri, ndipo amene wanena kuti chinadutsa pamutu penipeni nthawi zambiri chinali theka la ulendo wopita pamutupo. Funso lina lamtengo wapatali ndi lakuti chinkayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja kapena kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pa limeneli anthu salakwitsa kawirikawiri, ndipo ukaika mayankho pamapu, malire a pakati pa magulu awiriwo amakhala pafupi ndi pansi pa njira ya chimotocho. Phokoso nalonso ndi mboni. Limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho amene anamva kugunda patapita mphindi ziwiri anali makilomita pafupifupi 40 kuchokera pamene chinaphulikira, ndipo chimoto chimene chamveka kugunda ndiye kuti chinatsika kwambiri, mwina n'kugwetsa miyala.

Pali chinthu chimene mboni zimavutika kuchivomera. Mwala umene ufike pansi nthawi zambiri umasiya kuwala udakali makilomita pafupifupi 20 kapena kuposa m'mwamba. Umalowa mu mpweya wokuta dziko pa liwiro la pakati pa makilomita 11 ndi 72 pa sekondi, mpweyawo umaubweza mpaka moto kuzima, ndipo kuchokera pamenepo umagwa mumdima kwa mphindi zingapo, mphepo ikuukankhira kumbali. Amene anaona moto ukufika pansi anangoona chimoto chikubisika ndi phiri kapena mitengo, chidakali kutali.

Zaka za m'ma 1930 ndi pamene bungweli linali ndi anthu ambiri, chifukwa cha chiyembekezo cha mvula ya ku Leo ya 1932, imene nayonso sinafike pa zimene anthu ankalota. Koma m'zaka zomwezo zida zinayamba kulanda ntchito ya diso. Mu 1936 Fred Whipple wa ku Harvard anayamba kujambula nyenyezi zothothoka ndi makamera awiri oikidwa malo osiyana, okhala ndi chotchinga chozungulira chimene chinkadula mzere wa kuwala m'zidutswa kuti liwiro liwerengeke. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, rada imene inkasaka ndege inatembenuzidwira kumwamba, ndipo akatswiri a ku Jodrell Bank ku England anapeza mvula za nyenyezi zimene zimagwa masana, zoti diso silikanaziona mpaka kalekale. Mzere wa pensulo pamapu sukanapikisana ndi zimenezi. Mu 1951 magazini ya Popular Astronomy inatsekedwa mkonzi wake atamwalira, ndipo bungwe linataya pakamwa pake. Olivier anapuma ntchito ya yunivesite mu 1954, n'kupitiriza kuyendetsa bungwe ali kunyumba kwake. Mu 1960 anatulutsa ndandanda ya chiwerengero cha nyenyezi zothothoka pa ola, usiku ndi usiku wa chaka chonse, yochokera pa zimene anthu analemba kuyambira 1901 mpaka 1958. Palibe kamera kapena rada imene inali ndi mbiri yaitali choncho.

Maboma ndi mayunivesite anayesanso kuchotsa mboni pa nkhani ya zimoto. Pa 7 Epulo 1959 makamera a Zdeněk Ceplecha ku Czechoslovakia anajambula chimoto kuchokera malo awiri, miyala yake n'kupezeka pafupi ndi Příbram, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anagwira m'manja mwala umene njira yake yozungulira dzuwa inali yodziwika. A bungwe la Smithsonian anamanga malo 16 a makamera m'zigwa za pakati pa America, n'kuwayendetsa zaka pafupifupi 10. Phindu lake pa miyala yotoledwa linali kugwa kumodzi, kwa ku Lost City m'chigawo cha Oklahoma mu Januwale 1970. A ku Canada anachita chimodzimodzi n'kupezanso kumodzi, kwa ku Innisfree mu 1977. Zithunzi zawo zinaphunzitsa zambiri za mmene miyala imasweka mu mpweya, koma ndalama zitatha makamera a ku America ndi ku Canada anazimitsidwa. Kamera imalondera thambo la dera limodzi, pamene anthu ali paliponse ndipo salipidwa.

Olivier anamwalira mu 1975, atatsogolera bungweli zaka zoposa 60. Utsogoleri wautali chonchi uli ndi mtengo wake. Bungwe lodalira tebulo la munthu mmodzi limakalamba naye, ndipo AMS inafika m'zaka za m'ma 1970 ili yaing'ono ndi yotopa. David Meisel, mphunzitsi wa zakuthambo ku Geneseo m'chigawo cha New York, ndiye analandira makabati aja. M'nthawi yake mamembala ena anayamba kumvetsera nyenyezi zothothoka pa wailesi: amatchera wailesi ku siteshoni yakutali imene sikumveka, ndipo nyenyezi ikadutsa, mpweya umene yautentha umabweza mawu a siteshoniyo kwa kamphindi. Koma mphamvu zatsopano zinali ku Ulaya, kumene achinyamata a ku Belgium, Netherlands ndi Germany anakhazikitsa International Meteor Organization mu 1988, n'kugwirizanitsa njira imodzi yowerengera imene dziko lonse linayamba kutsatira. Pa kuwerenga mvula za nyenyezi, AMS inakhala mmodzi mwa ambiri. Robert Lunsford wa ku California, amene kwa zaka zambiri wakhala akulemba mlungu uliwonse zimene anthu angayembekezere kuona kumwamba, anagwira ntchito m'mabungwe onse awiri.

Chimene chinasonyeza tsogolo chinachitika Lachisanu madzulo pa 9 Okutobala 1992. Chimoto chobiriwira chinadutsa kum'mawa kwa America kwa masekondi pafupifupi 40, chikusweka m'zidutswa, pa nthawi imene makolo ambiri anali m'mabwalo a masewero a sukulu za sekondale ndi makamera a vidiyo m'manja. Anthu 16 anachijambula ali m'matauni osiyanasiyana. Mwala wolemera makilogalamu 12 unaboola kumbuyo kwa galimoto yoimikidwa ku Peekskill, ndipo kuchokera pa mavidiyo a anthu amene ankangofuna kujambula ana awo, akatswiri anawerengera njira yake yozungulira dzuwa. Kunali kugwa kwachinayi m'mbiri yonse kodziwika njira, ndipo koyamba kopanda makamera oikidwira ntchitoyo.

Intaneti ndi imene inadzutsa bungweli. Kuyambira 2005 aliyense ankatha kutumiza lipoti la chimoto pa kompyuta, ngakhale kuti poyamba malipotiwo ankasanjidwabe ndi manja. Kusintha kwakukulu kunabwera ndi munthu wa mapulogalamu a kompyuta, Mike Hankey wa ku Maryland, amene mu Julayi 2009 anajambula mwangozi chimoto chachikulu pamene ankajambula zina ndi telesikopu yake. Anatha nthawi yaitali akusaka miyala yake m'minda ya ku Pennsylvania osaipeza, koma kusakako kunamuphunzitsa kuti vuto lili pa kasonkhanitsidwe ka umboni. Iye ndi Vincent Perlerin wa ku France anamanga fomu yatsopano imene imafunsa mafunso omwe aja a masiku a makalata, koma mochenjera. Imayamba ndi kumuonetsa munthu chithunzi cha pamalo pamene anaima, chojambulidwa kuchokera kumwamba, kuti aone nyumba yake ndi msewu wake, kenako atembenuze muvi kuloza kumene anayang'ana. Safunika kudziwa kumpoto. Imamufunsa ngati chinawala kuposa mwezi, chinatenga masekondi angati, chinasweka kapena ayi, anamva phokoso nthawi yomweyo kapena patapita nthawi. Imamufunsanso kuti ndi wozolowera bwanji kuyang'ana kumwamba, funso limene Olivier akanalikonda. Kompyuta imasonkhanitsa malipoti a nthawi imodzi ndi dera limodzi kukhala chochitika chimodzi, imakumanitsa mizere ya mboni ziwiriziwiri, n'kutenga pakatikati. Zimene kale zinkatenga miyezi ya makalata zimatha m'maola ochepa. Fomuyi inatengedwanso ndi International Meteor Organization, n'kumasuliridwa m'zilankhulo zoposa 30, ndipo malipoti onse amalowa m'nkhokwe imodzi.

Mmene zimagwirira ntchito zinaoneka pa 16 Januwale 2018 ku Michigan. Chimoto chinaphulika nthawi itangopitirira 8 koloko madzulo, kugunda kwake n'kugwedeza ngakhale makina oyezera zivomezi. Malipoti mazanamazana anafika usiku womwewo kuchokera m'zigawo zingapo ndi ku Canada, ndipo kusanache mapu anali atasonyeza kuti njira yake inathera kumadzulo kwa Detroit. Akatswiri anatenga dera limenelo n'kukafufuza pa rada ya zanyengo, imene inali itaona miyala ikugwa mumdima ngati mmene imaonera matalala. Patangopita masiku awiri osaka anatola zidutswa zakuda pamwamba pa nyanja yowuma ndi chisanu pafupi ndi Hamburg, zisananyowe n'komwe. Mboni sizinaloze mwalawo. Zinachepetsa dera lofunika kuyang'ana kuchoka pa chigawo chonse kufika pa kadera kakang'ono, ndipo zida zinamaliza.

Makamera abwereranso, koma ulendo uno ali m'manja mwa anthu wamba. Hankey anapanga kabokosi ka makamera angapo oyang'ana mbali zonse koika padenga, ndipo gulu la Global Meteor Network, limene Denis Vida anayambitsa mu 2018, limagwiritsa ntchito makamera otchipa a alonda olumikizidwa ku tikompyuta ta Raspberry Pi. Mwala wa ku Winchcombe ku England, umene unagwa pa 28 Febuluwale 2021, unajambulidwa ndi makamera otere ambiri, ndipo malipoti a maso anadutsa m'fomu yomwe ija.

Nkhokweyi ili ndi chilema chimene bungwelo silibisa. Mapu a malipoti amasonyeza kumene kuli anthu ambiri okhala ndi intaneti amene anamvapo za fomuyi. Zimoto zimagwa padziko lonse mosasankha, zambiri panyanja ndi masana, koma ukayang'ana mapuwo ungaganize kuti zimakonda kum'mawa kwa America ndi kumadzulo kwa Ulaya. Africa ili pafupifupi yoyera, ngakhale kuti thambo lake ndi lakuda bwino kuposa la kumeneko. Pa 2 Juni 2018 mwala wina unaonedwa ndi telesikopu ya ku Arizona maola pafupifupi 8 usanafike, n'kudzaphulika pamwamba pa Botswana. Kuti apeze pamene unagwera, ofufuza anachita kuyenda kukapempha mavidiyo a makamera a alonda m'matauni a Botswana ndi pa famu ina ku South Africa, n'kumayeza mbali pamalo pomwepo monga mmene atsogoleri a zigawo a Olivier ankachitira. Chidutswa choyamba chinapezeka patapita milungu itatu m'nkhalango yotetezedwa ya Central Kalahari.

Vuto latsopano ndi la zinthu zopangidwa ndi anthu. Mu Novembala 2015 anthu ambiri a ku California anatumiza malipoti a chimoto chimene chinapezeka kuti ndi mzinga umene asilikali apamadzi ankayesa. Masiku ano masetilaiti ali masauzande ambiri, ndipo akatha ntchito amabwerera n'kudzapsera mu mpweya, anthu n'kuthamangira ku fomu. Osanthula malipoti amawasiyanitsa makamaka ndi nthawi. Mwala wachilengedwe nthawi zambiri umatha m'masekondi ochepa. Setilaiti imalowa pa liwiro la makilomita pafupifupi 8 pa sekondi, mopendekeka kwambiri, ndipo imakwawa kudutsa thambo lonse kwa theka la mphindi kapena kuposa, zidutswa zake zikutsatana pamzere. Malipoti oterewa bungwe siliwataya. Limawalemba padera, ndipo amathandiza kudziwa pamene chitsulo chakutichakuti chinagwera, funso limene eni ake a masetilaitiwo nthawi zina satha kuliyankha molondola.